Makompyuta a pakhomo akukana kupatsana mafayilo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene ali ndi makompyuta awiri kapena atatu pakhomo, kapena pa kaofesi kakang'ono, ndipo atopa ndi kuyendayenda ndi flashi. Ambiri amagwiritsa ntchito Windows 10 kapena Windows 11, n'chifukwa chake mayankho atsamira kumeneko. Za Mac, Linux ndi mafoni zili chakumapeto. Mayina a mabatani alembedwa mmene amaonekera pa sikirini kuti musavutike kuwapeza. Ngati mwabwera kuno chifukwa china chake chakana, musadumphe mafunso oyambirira ngakhale akuoneka ophweka, poti mavuto ambiri amathera komweko.

Kodi kupatsana mafayilo pa netiweki ya pakhomo kumadya bandulo?

Ayi. Fayilo ikamachoka pa laputopu yanu kupita pa kompyuta ya kuchipinda, imangodutsa pa rauta n'kutsikira pa kompyuta inayo. Siifika n'komwe pa nsanja ya Airtel kapena TNM. MiFi imene bandulo yake inatha dzana itha kugwira ntchitoyi bwinobwino, bola ikhale yoyaka ndipo makompyuta onse alumikizidwe nayo.

Chimene chimadya bandulo ndi kutumiza kudzera pa Google Drive, OneDrive, WhatsApp kapena imelo. Kumeneko fayilo imakwera kaye pa intaneti kenako n'kutsikanso, ndiye vidiyo ya 1 GB imadya 2 GB ngati makompyuta onse awiri ali pa MiFi imodzi.

Pali kamsampha kamodzi. Pa makompyuta ambiri a Windows 11, mafoda a Desktop, Documents ndi Pictures amakhala omangiriridwa ku OneDrive. Mukakopera zithunzi za ukwati mu foda yotere, OneDrive imayamba kuzikweza mwakachetechete, bandulo n'kutha inu osadziwa chadya. Choncho foda yogawana ipangeni payokha, monga C:\Zogawana.

Pakufunika chiyani kuti zitheke?

Zinthu zinayi, ndipo muzizifufuza motsatana chonchi. Choyamba, makompyuta akhale pa netiweki imodzi. Chachiwiri, kompyuta imene ili ndi mafayilo ilole kuti ina iipeze. Chachitatu, amene akulowayo akhale ndi dzina ndi pasiwedi zimene kompyuta ya mafayiloyo ikuzidziwa. Chachinayi, dzina limenelo likhale ndi chilolezo pa foda imene mukuifunayo.

Anthu ambiri amayambira kumapeto. Amasintha zilolezo, kuzimitsa firewall (chitetezo chotsekereza olowa kudzera pa netiweki), kuchotsa mapasiwedi, pomwe vuto ndi lakuti laputopu ili pa hotspot ya foni ndipo kompyuta inayo ili pa MiFi. Mapeto ake vuto likadalipo ndipo kompyuta yatsala pambalambanda.

Ndingadziwe bwanji kuti makompyuta anga alidi pa netiweki imodzi?

Pa kompyuta iliyonse dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter. Pa zenera lakuda limene litseguke lembani ipconfig. Yang'anani mzere wa IPv4 Address. Mupeza manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, monga 192.168.8.101. Pa netiweki ya pakhomo, manambala atatu oyambirira ayenera kufanana pa makompyuta onse, yomaliza yokha ndiyo isiyane. Ngati ina ili 192.168.8.101 ndipo ina 192.168.8.104, zili bwino. Ngati ina ili 192.168.8.101 ndipo ina 192.168.1.20, ali pa manetiweki awiri osiyana, ngakhale onse akutsegula Facebook popanda vuto.

Manambalawa amaululanso kumene mwalumikizidwa. MiFi ndi marauta ambiri a Huawei amagawa manambala oyamba ndi 192.168.8. Hotspot ya iPhone imagawa oyamba ndi 172.20.10, ndipo hotspot ya laputopu ya Windows imagawa oyamba ndi 192.168.137. Mukaona nambala yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti kompyutayo yapempha adiresi kwa rauta koma sinayankhidwe, ndiye yangodzipatsa yokha. Zikatero onani kebulo, kapena zimitsani rauta n'kuiyatsanso.

Kenako yesani ping, lamulo loona ngati kompyuta inayo ikuyankha. Pa kompyuta yoyamba lembani ping ndi adiresi ya inzake, mwachitsanzo ping 192.168.8.104. Mukaona mizere ya Reply from yotsatana ndi mawu akuti time, njira ndi yotseguka.

Manambala akufanana koma ping sikuyankhidwa. Chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri ndi nkhani ya Public ndi Private imene ili mu funso lotsatirali, chifukwa Windows siyankha ping ikakhala kuti kugawana mafayilo n'kozimitsa. Yambani mwakonza kumeneko.

Ngati zikukanabe, kayikirani rauta. Marauta ena ali ndi chinthu chotchedwa AP isolation kapena client isolation, chimene chimalola aliyense kupita pa intaneti koma kuletsa zipangizo kuonana. Chimenechi n'chabwino ku malo ogona alendo kapena ku lesitilanti, koma pakhomo chimakutsekerani njira. Lowani mu rauta polemba adiresi yake pa browser, imene ipconfig imaionetsa pa mzere wa Default Gateway, ndipo mukachizimitse mu gawo la Wi-Fi. Wi-Fi ya alendo, ija ya dzina lothera ndi Guest, nthawi zambiri imakhala yotsekedwa chomwecho mwadala. Kompyuta imodzi ikakhala kumeneko, isamutseni.

Zina ziwiri zimene zimatseka njira ndi VPN (pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu pa njira yobisika) ndi antivayirasi yobwera ndi firewall yakeyake. VPN izimitseni kaye muyesenso. Pa antivayirasi, fufuzani pamene imafunsa ngati netiweki ndi yodalirika, muiuze kuti ya pakhomoyi ndi yodalirika. Osaichotsa yonse.

Kodi Public ndi Private zikusiyana pati?

Windows imaika netiweki iliyonse m'gulu limodzi mwa awiriwa. Ikakhala Public, kompyuta imabisala ndipo imakana aliyense wofuna kulowa. Ikakhala Private, imalola kuoneka. Windows 11 imaika netiweki yatsopano pa Public yokha, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amakodwa.

Pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi kapena Ethernet, tsegulani properties za netiweki imene mulipo, musankhe Private network. Chitani zimenezi pa makompyuta onse. Kenako pitani ku Advanced network settings, Advanced sharing settings, ndipo pansi pa Private networks yatsani Network discovery ndi File and printer sharing. Pa Windows 10 zomwezi zili mu Control Panel, Network and Sharing Center, Change advanced sharing settings.

Dziwani kuti kusankha kumeneku kumatsata netiweki iliyonse payokha. Mukagula MiFi ina kapena kusintha dzina la Wi-Fi, Windows imaiona ngati yachilendo n'kubwereranso pa Public. Ndipo mukapita ndi laputopu ku sukulu kapena ku ofesi ya eni, isiyeni pa Public pomwepo.

Foda imagawidwa bwanji?

Dinani foda ndi batani lakumanja la mbewa, sankhani Properties, kenako Sharing, kenako Advanced Sharing. Chongani pa Share this folder. Dzina limene mulembe pa Share name ndi limene ena adzalione, ndiye likhale lalifupi komanso lopanda mipata. Pa Permissions musankhe amene aloledwe ndi zimene angachite: Read ndi kuwerenga ndi kukopera kokha, Change ndi kuikamo, kusintha ndi kufufuta.

Musagawe C: yense, kapena foda ya Users yonse. Mmenemo muli zikalata zanu, mapasiwedi amene browser inasunga ndi zina zimene mwana kapena mlendo sayenera kuzifikira.

Ndachita zonsezi koma kompyuta inayo sikuoneka pansi pa Network. Ndiye kuti zakanika?

Ayi, ndipo ili ndi funso limene lataitsa anthu nthawi yambiri. Mndandanda wa Network mu File Explorer ndi wosadalirika. Kompyuta itha kusowa pamenepo koma mafayilo ake n'kumapezeka bwinobwino. Muyeso weniweni ndi uwu: dinani Windows ndi R, lembani timizere tiwiri topendekera kumbuyo ndi adiresi ya kompyuta inayo, chonchi \\192.168.8.104, dinani Enter. Pakatuluka foda kapena kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi, kugawana kukugwira ntchito.

Mukhozanso kulemba dzina la kompyutayo m'malo mwa manambala. Dzinalo mumalipeza polemba hostname pa zenera lakuda lija. Ngati manambala akutsegula koma dzina likukana, vuto ndi la kamasuliridwe ka mayina basi, ndipo mutha kumangogwiritsa ntchito manambala.

Amene akufunabe kuti kompyuta izioneka pa mndandanda, pa kompyuta imene ikusowayo dinani Windows ndi R, lembani services.msc, pezani Function Discovery Resource Publication, ikani Startup type pa Automatic ndipo dinani Start. Chitaninso chimodzimodzi pa Function Discovery Provider Host. Koma ine ndimalangiza kuti mukangotsegula fodayo kamodzi, idineni kumanja musankhe Map network drive, kuti izioneka ngati Z: pansi pa This PC. Mukatero za mndandanda wa Network mwaziiwala.

Kukubwera uthenga wa 0x80070035, The network path was not found. Ukutanthauza chiyani?

Ukutanthauza kuti kompyuta yanu sinafike n'komwe pa inzakeyo. Nkhani ya pasiwedi isanayambe, njira yaduka. Onetsetsani kuti kompyuta inayo ndi yoyaka ndipo sinagone, kuti adiresi yake sinasinthe, komanso kuti ili pa Private.

Windows imagawa mafayilo kudzera mu njira yotchedwa SMB, imene imadutsa pa port 445. Kuti muone ngati pamenepo ndi potseguka, tsegulani PowerShell, zenera lina lolembamo malamulo limene mumalipeza pa Start, mulembe Test-NetConnection 192.168.8.104 -Port 445. Ikayankha TcpTestSucceeded : True, njira ilipo ndipo vuto lili patsogolo. Ikayankha False, bwererani ku mafunso a ping ndi a Private. Ngati chimene mukufuna kulowacho ndi kompyuta yakale kwambiri kapena hadi disiki yolumikizidwa ku rauta, onani funso la SMB1.

Ikundifunsa dzina ndi pasiwedi, koma chilichonse chimene ndikulemba ikukana. Ndilembe chiyani?

Dzina ndi pasiwedi zimene zikufunidwa ndi za akaunti ya pa kompyuta imene ili ndi mafayilo, osati za kompyuta imene mwakhalapoyo. Si pasiwedi ya Wi-Finso ayi.

PIN siigwira ntchito pano. Ambiri anazolowera kutsegula laputopu ndi manambala anayi kapena chala, mpaka anaiwala kuti pali pasiwedi yeniyeni. PIN imagwira pa kompyuta yomweyo basi, siidutsa pa netiweki. Ngati kompyutayo imalowedwa ndi akaunti ya Microsoft, lembani imelo yonse ndi pasiwedi ya imeloyo. Nthawi zina zimakanabe chifukwa mwini wake sanalowepo ndi pasiwedi pa kompyutayo chiyambire. Zikatero pitani ku Settings, Accounts, Sign-in options, zimitsani kabatani kolola Windows Hello yokha (kulowa ndi PIN, chala kapena nkhope), tulukani mu akaunti, mulowenso kamodzi ndi pasiwedi.

Akaunti yopanda pasiwedi nayonso imakanidwa. Windows siilola akaunti yotere kulowa kudzera pa netiweki. Makompyuta ambiri ogula kale kwa ogulitsa zakunja amabwera ndi akaunti ya User kapena Admin yopanda pasiwedi, ndiye anthu amasiya bokosi lopanda kanthu n'kumadabwa kuti zikukaniranji.

Njira yosavuta, imene ndimaikonda kuposa zonse, ndi kupanga akaunti yapadera yogawirana. Pa kompyuta ya mafayilo pitani ku Settings, Accounts, Other users, Add account. Sankhani I don't have this person's sign-in information, kenako Add a user without a Microsoft account. Itcheni banja, kapena dzina lina lililonse, ipatseni pasiwedi yabwino, ndipo isakhale Administrator. Ipatseni chilolezo pa foda yogawana yokhayo. Aliyense pakhomo azilowa ndi imeneyo, ndipo pasiwedi ya imelo yanu ikhala yanu nokha. Ngati dzina lokha likukanidwa, lembani dzina la kompyuta patsogolo, monga DESKTOP-PABALAZA\banja.

Bwanji ndingozimitsa Password protected sharing kuti zisamavute?

N'zotheka, koma sindikulimbikitsani. Ganizirani anthu amene akudziwa pasiwedi ya Wi-Fi yanu: ana, anzawo a ana, mlamu amene anabwera pa holide, mwina ndi aneba amene munawapatsa tsiku lina atapanikizika. Mukazimitsa pasiwedi, aliyense wa amenewa akhoza kutsegula fodayo, ndipo ngati munapereka Change akhozanso kufufuta.

Komanso njira imeneyi ikutsekedwa pang'onopang'ono. Windows 11 Pro ya 24H2, imene inatuluka mu 2024, imakana kulowa ngati mlendo wopanda dzina pokhapokha mutaikakamiza. Mudzapezeka mwazimitsa chitetezo koma zikukanabe. Akaunti ya banja ija imatenga mphindi zochepa kupanga.

Foda ndikuiona, koma ikuti You do not have permission, kapena ikukana kuikamo fayilo. Bwanji?

Chifukwa zilolezo zili pawiri. Zili ngati nyumba ya mumpanda: mlonda atha kukutsegulirani geti, koma ngati chitseko cha nyumba n'chokhoma, muthera pakhonde. Geti ndi Permissions za pa Sharing zimene munakonza pogawa foda. Chitseko ndi tsamba la Security pa Properties zomwezo. Windows imayang'ana zonse ziwiri n'kutsata imene ikuletsa kwambiri. Mukapereka Change pa Sharing koma pa Security pali Read yokha, munthu angowerenga basi. Ngati dzina lake palibe n'komwe pa Security, salowa.

Tsegulani Properties, Security, Edit, Add, lembani dzina la akaunti ija, dinani Check Names, kenako OK. Chongani Modify ngati mukufuna kuti aziikamo ndi kusintha. Full control siifunika.

Vutoli limakonda kuchitika pa mafoda amene ali mkati mwa Desktop kapena Documents, chifukwa amenewo amatengera zilolezo za mwini wake yekha. Ichi ndi chifukwa chachiwiri chopangira foda yogawana payokha pa C: kapena D:.

Dzulo zimatheka. Magetsi atazima n'kuyakanso, zasiya. Chasintha n'chiyani?

Mwina adiresi. Rauta ndiyo imagawa manambala aja, ndipo imangobwereketsa, sipereka mpaka kalekale. Magetsi akazima, rauta ndi kompyuta ya pa desiki zimazima limodzi. Akabwera, zipangizo zimalumikizana mosatsata ndondomeko ya dzulo, ndipo pa marauta ena foni ya mwana itha kutenga 104 imene inali ya kompyuta, kompyutayo n'kupatsidwa 107. Z: yanu ikufunabe 104, ndiye ikuonetsa kamtanda kofiira.

Lembani ipconfig pa kompyuta ya mafayilo muone nambala yatsopano. Kuti zisamabwerezeke, lowani mu rauta mufufuze DHCP reservation, imene ena amaitcha Address reservation kapena IP and MAC binding, ndipo mumangirire kompyutayo ku nambala imodzi. MiFi zina zilibe zimenezi. Zikatero ikani nambala yokhazikika pa kompyuta yomweyo: mu properties za netiweki, pa IP assignment dinani Edit, sankhani Manual, lembani adiresi imene rauta siigawira ena, subnet mask 255.255.255.0, ndipo pa gateway ndi DNS lembani adiresi ya rauta. Izi ndi zoyenera kompyuta yokhazikika pakhomo. Pa laputopu yoyendayenda ndi bwino kumangirira ku rauta.

Kumalo kumene magetsi amazimazima, mafayilo ogawana ndi bwino akhale pa laputopu imene ili ndi batire yamoyo, kapena pa kompyuta ya UPS, batire yoigwirizira magetsi akazima. Magetsi akaduka fayilo ili mkati molembedwa, fayiloyo itha kuonongeka.

Ndinasintha pasiwedi, tsopano sikundifunsanso, ikungokana. Nditani?

Windows inasunga yakale ija. Tsegulani Credential Manager, pitani ku Windows Credentials, pezani mzere wa dzina kapena adiresi ya kompyuta inayo, dinani Remove. Kenako pa zenera lakuda lembani net use * /delete kuti mudule kulumikizana konse kwakale. Lamuloli lichotsanso Z: ija, ndiye muipanganso.

Zomwezi zimathandiza pa uthenga woyamba ndi Multiple connections to a server, umene umabwera mukafuna kulowa kompyuta imodzi ndi mayina awiri osiyana nthawi imodzi.

HomeGroup inapita kuti?

HomeGroup inali njira yakale ya Windows yogawanirana mafayilo pakhomo. Microsoft inaichotsa mu Windows 10 ya 1803, m'chaka cha 2018. Malangizo alionse amene akukuuzani kuti mupange HomeGroup ndi akale.

Kompyuta yakale ya Windows XP, kapena disiki ya pa rauta, sikutseguka. Ena akuti ndiyatse SMB1. Ndiyatse?

SMB ili ndi mibadwo. Windows XP imadziwa SMB1 yokha. SMB2 inabwera ndi Windows Vista, ndipo Windows 7 imalankhulana bwino ndi Windows 10 ndi 11 popanda SMB1. Kuyambira kumapeto kwa 2017, Microsoft inayamba kusiya SMB1 kunja pa Windows 10 yatsopano, ndipo panali chifukwa. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inadutsa pa bowo la mu SMB1 n'kufalikira m'mayiko oposa 150. Inatseka mafayilo a anthu n'kumafuna ndalama, ndipo zipatala zambiri za ku Britain zinalephera kugwira ntchito bwino. Inkadumpha yokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, munthu osadina kalikonse.

Choncho yankho langa ndi lakuti musayatse. Ngati pa kompyuta ya XP pali mafayilo ofunika, atulutseni ndi flashi kapena chotsani hadi disiki yake muilumikize ndi kabokosi ka USB. Ngati ndi rauta yakale yokhala ndi bowo la USB, onani ngati opanga anatulutsa firmware (pulogalamu ya mkati mwa rautayo) yodziwa SMB2. Ngati palibe, zulani disikiyo muilumikize ku kompyuta, muigawire kumeneko.

Pali nkhani ina yofanana nayo. Ena anaona disiki ya pa rauta kapena NAS (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki) ikusiya kutseguka atangolandira Windows 11 ya 24H2. Pa Pro, Windows imeneyi imafuna SMB signing, kutanthauza kuti uthenga uliwonse ukhale ndi chidindo chotsimikizira kumene wachokera, komanso imakana kulowa ngati mlendo. Mankhwala ake ndi kupanga dzina ndi pasiwedi pa chipangizocho ndi kuchiikira firmware yatsopano. Kuzimitsa signing kukhale kothawirako pokhapokha zina zonse zakanika.

Polankhula za zakale, Windows 7 inasiya kulandira zigamba za chitetezo mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025. Makompyutawa akugawabe mafayilo bwinobwino, koma musasunge zinthu zofunika kwambiri pa iwo okha.

Zikutheka koma zikuchedwa kwambiri. Liwiro loyenera ndi lotani?

Opanga marauta amawerenga ma megabit, pomwe Windows pokopera imaonetsa ma megabyte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Kebulo ya 100 Mbps imapereka pafupifupi 11 MB pa sekondi. Ya gigabit imafika cha m'ma 110 MB. Ndiye 10 GB imatenga cha m'ma mphindi 15 pa yoyamba, ndi mphindi zosakwana ziwiri pa yachiwiri. Marauta ambiri otchipa ali ndi mabowo a 100 Mbps, ndipo palibe chimene mungasinthe mu Windows kuti apyole pamenepo.

Ngati zonse ndi za gigabit koma mwaima pa 11 MB, kayikirani kebulo. Gigabit imafuna timawaya tonse 8, pomwe 100 Mbps imayenda ndi 4. Kawaya kamodzi kakaduka kapena mutu ukapanidwa molakwika, liwiro limatsika lokha popanda chenjezo. Mu properties za Ethernet muli mzere wa Link speed umene umaonetsa zimenezi.

Wi-Fi imachedwa koposa, makamaka makompyuta onse awiri akakhala pa Wi-Fi, chifukwa fayilo imayenda mumlengalenga kawiri, popita ku rauta ndi pochokako. MiFi zambiri zimaulutsa pa 2.4 GHz yokha, ndipo makoma a njerwa zootcha amadya siginolo kwambiri. Kulumikiza kompyuta imodzi yokha ndi kebulo kumasintha zinthu moonekeratu. Ngati rauta ili ndi 5 GHz, igwiritseni ntchito muli pafupi nayo.

Timafayilo tambirimbiri tating'ono timachedwa kuposa fayilo imodzi yaikulu. Timangeni kaye mu zip.

Kukopera kumaduka pakati. Ndiyambirenso?

Onani kaye ngati kompyuta ina sikugona. Laputopu ikatsekedwa chivundikiro kapena ikakhala nthawi osaigwira, imagona n'kudula netiweki. Ilumikizeni ku chaja ndipo mu Settings, System, Power, talikitsani nthawi yogonera.

Ngati fayilo yoposa 4 GB ikukanidwa pa disiki kapena flashi imene mwaigawa, ndiye kuti ili pa FAT32, imene siilandira fayilo yoposa pamenepo. Imafunika exFAT kapena NTFS, koma samutsani kaye zimene zilimo chifukwa kufomata kumafufuta zonse.

Pa katundu wambiri gwiritsani ntchito robocopy, imene ili kale mu Windows. Pa zenera lakuda lembani robocopy C:\Zithunzi \\192.168.8.104\Zogawana\Zithunzi /E /Z /R:3 /W:5. Apa /E ikutenga mafoda onse a mkati, ndipo /Z ikulola kupitiriza pamene fayilo inadukira. Magetsi akazima, mudzangolembanso lamulo lomwelo, ndipo idzadumpha zimene inamaliza kale. Pewani /MIR ngati simukuidziwa bwino, chifukwa imafufuta kumene mukukoperako chilichonse chimene kulibe kochokera.

Ndilibe rauta. N'zotheka?

N'zotheka. Hotspot ya foni imakwanira pa mafoni ambiri: lumikizani makompyuta onse, ikani netiwekiyo pa Private, pitirizani monga tafotokozera. Data ya pa foni mutha kuizimitsa ngati foniyo ikulola.

Njira yachangu ndi kebulo ya netiweki kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake. Makompyuta a masiku ano safunanso kebulo ya crossover, wamba yomweyo imagwira. Apatseni manambala pamanja, ina 192.168.50.1 ina 192.168.50.2, subnet mask 255.255.255.0. Windows iitcha netiwekiyi Unidentified n'kuiika pa Public. Tsegulani PowerShell ngati Administrator pa makompyuta onse mulembe Set-NetConnectionProfile -InterfaceAlias Ethernet -NetworkCategory Private. Mukamaliza bwezerani IP assignment pa Automatic, apo ayi tsiku lina mudzalumikiza kebulo ya rauta intaneti n'kukana.

Ndinaika rauta yachiwiri kuti Wi-Fi ifike ku boyizikota. Akumeneko sakuona mafayilo. Bwanji?

Rauta yachiwiriyo yapanga netiweki yakeyake, ndipo ipconfig ikuonetsani manambala osiyana. Ngati ili ndi Access Point mode, isankheni. Ngati ilibe, zimitsani DHCP yake, imene imagawa manambala aja, ipatseni adiresi ya m'gulu la rauta yoyamba imene palibe akuigwiritsa ntchito, ndipo kebulo yochokera ku rauta yoyamba ilowe pa bowo la LAN, osati la WAN.

Nanga Mac, Linux ndi mafoni?

Onsewa amadziwa SMB. Pa Mac tsegulani Finder, dinani Command ndi K, lembani smb://192.168.8.104, kenako dzina ndi pasiwedi ya akaunti ija. Kuti Mac igawire ena, pitani ku System Settings, General, Sharing, yatsani File Sharing. Pa Ubuntu adiresi yomweyo ya smb:// imalembedwa mu pulogalamu ya Files. Kuti Linux igawire ena imafunika Samba, pulogalamu imene Andrew Tridgell wa ku Australia anaitulutsa koyamba mu 1992. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti Samba imasunga mapasiwedi akeake, ndiye muyenera kulemba sudo smbpasswd -a ndi dzina la munthuyo.

Pa iPhone, kuyambira iOS 13, pulogalamu ya Files ili ndi Connect to Server. Pa Android pamafunika pulogalamu ya mafayilo yodziwa SMB. Koma ngati mukungofuna kuponya zithunzi zochepa, musavutike ndi zonsezi. Quick Share ya pa Android ili ndi pulogalamu ya Windows, ndipo LocalSend, imene ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac, Linux, Android ndi iPhone popanda intaneti, bola zipangizo zili pa Wi-Fi imodzi.

Mwana wafufuta fayilo mu foda yogawana ali pa laputopu yake. Mu Recycle Bin mulibe. Ili kuti?

Fayilo yofufutidwa kudzera pa netiweki siipita mu Recycle Bin ya kompyuta iliyonse mwa ziwirizo. Imafufutikiratu. Siyani kulemba chilichonse pa disiki imeneyo pompano, chifukwa chatsopano chilichonse chitha kukhala pamalo pamene panali fayiloyo. Dinani fodayo kumanja muone Previous Versions, mwina File History inali yoyaka. Ngati mulibe kanthu, yesani pulogalamu yobweza mafayilo pa kompyuta imene inali ndi fayiloyo, ndipo zobwezedwazo muzisunge pa disiki ina. Pa SSD mwayi umakhala wochepa kusiyana ndi pa hadi disiki yozungulira.

Vayirasi yotseka mafayilo nayonso imafika paliponse pamene kompyuta yogwidwayo ili ndi chilolezo cholemba, kuphatikizapo Z: ija. Choncho pangani mafoda awiri. Ina ikhale ya Read yokha, ya zithunzi za banja, masatifiketi ndi zikalata za malo. Ina ikhale ya Change, yongopatsirana zinthu za tsiku ndi tsiku. Za mu foda yoyambayo zikhalenso pa disiki ya USB imene mumaizula mukamaliza kukopera.